Makope a Nélida

Ine ndimasema miyala ku Añashuayco,
miyala yoyera imene inamanga matchalitchi a mu Arequipa.
Sukulu ndinailekeza m'kalasi yachitatu.
Ndiye mwana akagona
ndimatsegula chikwama chake mwakachetechete ngati mbala,
zala zanga zikusiya fumbi pa tsamba lililonse.

Kope lobiriwira ndi la sayansi.
Wajambulamo phiri la Misti atalidula pakati ngati peyala,
m'mimba mwake muli moto wa pensulo yobwereka.
M'munsi walemba kuti mwala woyerawu unali phulusa,
phulusa lotentha limene linagwa, n'kugona, n'kuuma gwa.
Zaka makumi awiri ndi zitatu ndikumenya phulusa,
ine osadziwa.

Kope labuluu ndi la katekisimu.
Masakramenti asanu ndi awiri, lililonse ndi kachithunzi kake.
Pa Ukwati wajambula ine ndi amake,
ine wandifupikitsa dala.
M'mphepete mwa tsamba muli tizilembo tamantha:
"Ngati mwala unatuluka m'phiri, nanga Mulungu analenga chiyani?"
Sisitere Eduviges sanachonge, sanakhwatchenso.
Anangolemba kuti,
"Nanga phirilo linatuluka kuti? Ubwere Lolemba, tikadabwe limodzi."

M'kope la Chisipanishi aneni afola ngati asilikali:
ndinadya, ndikudya, ndidzadya.
Ndidzadya, eti!
Mwana amalemba za mawa dzanja osanjenjemera.
Pa mapu, mtsinje wa Chili ndi kaulusi chabe,
nyumba yathu kulibe, ngakhale kadontho.
Lachinayi amaphunzira za chivomezi:
belu likalira, mutu pansi pa desiki,
kenako pabwalo, awiriawiri, osathamanga.
Akuti Sisitere amayamba wawerenga mitu yonse,
kolona amaitulutsa pambuyo.

Kope la masamu ndinkalidumpha.
Manambala okwerana pamsana, kamzere pakati,
ankandiyang'ana ngati ndili nawo ngongole.

Koma Loweruka lija anandibweretsera mbatata ndi tchizi kumgodi,
n'kupeza lole ya Don Cirilo itafika kale.
Miyala zana limodzi ndi makumi anayi, uliwonse masol asanu.
Anati achotsapo gawo limodzi mwa magawo khumi, la yosweka panjira,
monga mwa masiku onse,
n'kundiwerengera m'manja mazana asanu ndi makumi asanu ndi limodzi.
Ine ndinathokoza, chipewa kumanja.

Nélida anagwada pafumbi, n'kutola kamsomali.
Analemba, anafufuta ndi chigongono, analembanso.
"Pepani, Don Cirilo,
mwachotsa gawo limodzi mwa magawo asanu.
Atsala makumi asanu ndi awiri."
Mgodi wonse unangoti zii.
Ngakhale nyundo ya Fortunato inaima m'malere.
Munthu uja anaseka, kuseka kwa mano okha,
anapisa m'thumba, osandiyang'ana.

Panjira mwana sananyade.
Anandifunsa ngati kuchititsa manyazi munthu wamkulu ndi tchimo,
ngati akaulule kwa ansembe Lachisanu.
Ndinati sindikudziwa, kafunse kope labuluu.
Anati kope labuluu limati usabe,
silinena kuti wobedwa azikhala chete.
Ndinasowa poyankha.
Ndinawerengera mumtima Maloweruka a zaka zisanu ndi zinayi,
manambala anandithera ndisanafike theka.

Usiku wa dzulo chikwama ndinachipeza chotsegula kale.
Pa tebulo panali kope latsopano, lopanda dzina,
pensulo yosongoledwa bwino itagona pakati,
ndi mzere umodzi wa dzanja lake:
"Atate, musamangosiya fumbi. Yambani apa."

Pansi pake anajambula mwala,
n'kuugawa ndi mizere yokhotakhota
m'magawo khumi.

Kudula mwala ndimakudziwa.
Ndinatenga rula yake, ndinawongola mizere ija,
kenako ndinadetsa gawo limodzi,
limodzi lokha,
mpaka tambala wa oyandikana nawo analira.